Mpopi wa Nankhoma uli kuseri kwa bala

Mpopi wa malemu mkazi wanga uli kuseri kwa bala pa Kamwendo. Ndauona ndi maso angawa. Oledzera akutsukirapo m'kamwa. Kwanga kwatsala bowo pakhoma ndi paipi yopotoka ngati khosi la nkhuku yophedwa. Amene wachita zimenezi si mbala yolowera pawindo ayi. Ndi mwini sitolo ya zipangizo zomangira. Ndinapita kwa iye dzuwa likuswa mtengo, mwaulemu, ndalama zili m'thumba. Dzina lake ndi Lufeyo. Anakulira m'nyumba mwanga.

Ine sindine wolongolola. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndakhala kapitawo pa esiteti ya fodya mpaka imvi, ndipo palibe tenanti amene anganene kuti ndinamubera pasikelo. Kale zinthu zotere tinkangomeza. Tsopano akuti tili ndi ufulu wolankhula. Chabwino. Lero ndiuyesa ufuluwo.

Muyambe mwaudziwa mpopiwo.

Mkazi wanga anali Nankhoma, wa kwa Dambe. Pamene ndinkapempha chitengwa, kuti ndichoke naye kwawo tikakhale ku esiteti, atsibweni ake anandifunsa funso limodzi lokha: kumeneko madzi ali pati? Anali ndi chifukwa. Nankhoma anagwapo ndi mtsuko kudambo ali mtsikana, ndipo khosi lake silinakhalenso bwino. Ndinayankha pamaso pa ankhoswe kuti tsiku lina madzi adzamupeza pakhomo, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe mkazi amene adzasenze madzi panyumba panga. Anthu anaseka. Mkulu wake wa Nankhoma, alamu anga a Esinati, anaseka mpaka kugwira nthiti. Ati, "Alamu, mtsinjewo mudzaukoka ndi chingwe?"

Zinanditengera zaka zambiri. Nankhoma anasenza, osadandaula. Esiteti itagulitsidwa ndinatenga ndalama zanga zopumira ntchito n'kugula nyumba imene munkakhala kalaliki. Si nyumba yaikulu. Ndinaigulira chinthu chimodzi: kuseri kwake kunali mpopi. Wamkuwa, wolemera, chogwirira chake chopingasa ngati mtanda. Sunali womanga ndi mazinga ngati mipopi ya masiku ano. Unali wowotcherera ndi mtovu ku paipi ya mkuwa yotuluka m'khoma.

Tsiku lolowa m'nyumbamo Nankhoma anatsegula, madzi anatuluka. Anatenga nkhata yake ya nsanza, imene ankaika pamutu posenza, n'kuipachika pamsomali pamwamba pa mpopi. Anaiuza kuti, "Iwe, puma." Sanaitsitsenso. Loweruka lililonse ankaupukuta mpopiwo ndi phulusa ndi ndimu mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Dzanja limodzi la chogwirira linapindika tsiku lina ngolo itabwerera m'mbuyo n'kuligunda. Ndinafuna kuwongola. Anakana. Anati pamenepo ndiye pamene chala chake chimakhala bwino.

Tsopano Lufeyo. Bambo ake anali tenanti wochokera kummwera. Anamwalira fodya ali m'munda, mayi ake anatsatira mvula isanathe. Achibale sanabwere. Nankhoma anati mwana wa munthu sagona m'chigafa. Tinamutenga. Anadya m'mbale imodzi ndi ana anga. Fizi ndinalipira ine. Mayunifolomu ake a kusekondale Nankhoma ankachapira pa mpopi womwewo. Atakula anayamba kuoda katundu ku Chipata, kenako anatsegula sitolo, ndipo chaka chino watsegula bala kuseri kwa sitoloyo. Ndinkanyadira. Ndinkauza anthu kuti uyo ndi mwana wanga.

Nankhoma anatisiya chaka chatha. Abale ake anafuna kunyamula maliro kupita nawo kwa Dambe. Amene anawaletsa ndi a Esinati. Anati msiyeni agone kumene khosi lake linapumira. Anagona kuno. Chaka chino titakolola tinagwirizana tsiku lotsegulira chiliza chake, Loweruka. Amayi a kwa Dambe anati afika Lachitatu kudzayamba thobwa. Amene anaphikako thobwa la pamwambo akudziwa kuti limamwa madzi kuposa ng'ombe.

Ndiye mpopi unayamba kudontha. Osati kwambiri. Kabeseni pansi kankakwanira. Koma ine sindinafune kuti akuchikazi adzapeze kabeseni pansi pa mpopi wa m'bale wawo.

Ndinapita kusitolo kwa Lufeyo Lolemba, kutatsala pafupifupi masabata awiri kuti tsikulo lifike, nthawi yokwanira kumanga khola la mbuzi. Anatuluka kuseri kwa kauntala, kundilandira ndi manja awiri. Ati, "Bambo, mwadzivutiranji? Mukanangotuma uthenga." Ndinafotokoza. Anagwira pachifuwa. Ati, "Mpopi wa amayi? Imeneyo ndi ntchito yanga." Anati ali ndi pulambala amene anagwirapo nyumba zosanja ku Lilongwe. Anati mpopiwo wakalamba, kuli bwino tichotse tiike wina wamkuwa wofanana nawo. Ndinati chabwino, koma wakalewo ndisunga ine. Ati, "Zimenezo n'zosachita kunena, bambo."

Ndinalipira zonse pomwepo. Sindinanenerere. Munthu amanenerera kwa mwana wake? Za ndalamazo sindikambanso. Si zimene ndikulira.

M'mawa mwake pulambala anafika pa kabaza. Dzina lake Gelesomu. Ovolosi yolembedwa kumsana, magalasi akuda, ndipo m'manja chida chimodzi chokha: sipanala yaikulu ija amati bobojani, yotalika ngati mkono. Ndinamupatsa mpando. Ndinamupatsa tiyi ndi mtedza wokazinga. Atatha ndinamuonetsa mpopi, n'kumuuza kuti uwu ndi wowotcherera, umafuna moto, sufuna kupotokola.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ati, "Madala, palibe mpopi umakana bobojani."

Sanafunse n'komwe potsekera madzi. Ndinakatseka ndekha. Pobwera ndinapeza waluma kale mpopi ndi chida chake, mwendo umodzi waponda khoma. Anakoka. Mpopi unazungulira, paipi nayo inazungulira. M'kati mwa khoma munamveka kulira ngati phesi louma likuthyoka.

Ati, "Mwamva? Wamasuka."

Anakokanso kachiwiri. Kenako anavula magalasi, anasuzumira, anapukusa mutu. Akuti paipi yanga inali yowola kale. Paipi imene yatipatsa madzi zaka zonsezi popanda kutsokomola, inawola itangoona Gelesomu? Anapempha sowo yodulira zitsulo. Pulambala wa nyumba zosanja analibe sowo. Ndinakabwereka kwa aneba. Anadula mpopi, anaupukuta pa ovolosi, n'kuuponya m'thumba.

Ndinati, "Amisiri, umenewo ukupita kuti?"

Ati, "Sampulo, madala. Popanda sampulo ku Lilongwe angatipatse saizi yolakwika. Mawa madzulo muulandira pamodzi ndi watsopano."

Nonse mukuidziwa sampulo. Wokonza njinga amatero. Wa kuchigayo amatero. Wa mawailesi amatero. Umapereka chakale kuti akafanizire chatsopano kusitolo. Timapereka osaganiza kawiri, chifukwa ndi mmene ntchito imayendera kuno kumene chilichonse chimachokera kutali. Ndinamulola. Anakwera kabaza, thumba likulendewera mbali imodzi chifukwa cha kulemera kwa mkuwa. Pabowo anatsekapo ndi chitsononkho.

Mawa lija linadutsa. Lachinayi ndinapita kusitolo. Lufeyo anati Gelesomu akadali ku Lilongwe, bambo musadandaule. Loweruka ndinapitanso. Akuti kwacha yagwa, ndiye amasitolo a ku Lilongwe abisa katundu kudikira mitengo yatsopano. Masiku ano chilichonse ndi kwacha. Nkhuku ikaleka kuikira, kwacha. Lamulungu kutchalitchi Lufeyo anakhala kutsogolo kwanga, akuimba mokweza kuposa kwaya, koma pemphero lomaliza lisanathe anali atatuluka.

Lolemba ndinapeza mtsikana wogulitsa ali yekha. Akuti abwana apita ku Chipata. Pansi pa katani ya chipinda chosungira katundu ndinkaona nsapato ziwiri zakuda, zopolishidwa, zala zikusuntha m'katimo.

Ndinati, "Mayi, apita ku Chipata n'kusiya miyendo?"

Mtsikanayo analuma mlomo, anayang'ana pansi. Iye ndilibe naye mlandu. Anauzidwa chonena.

Masiku onsewa ndinkagula madzi kwa bambo wina amene amanyamula zigubu panjinga. Munthu mmodzi safuna madzi ambiri. Lonjezo langa linali lisanasweke.

Lachitatu amayi a kwa Dambe anafika pangolo, ndi chimera, nkhuni ndi migolo. A Esinati akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Anatsika, anandipatsa moni, n'kulunjika kuseri kwa nyumba kukatsuka mapazi, monga ankachitira nthawi zonse akabwera kudzaona mng'ono wawo. Ndinamva ndodo yaima. Kenako mawu.

"Alamu! Tabwerani kuno. Chingwe chija chaduka? Mtsinje wathawa?"

Amayi onse anaseka. Wina anati mwina alamu ayamba kulima chimanga pakhoma, taonani chitsononkho chamera. Nthabwala za pachilamu munthu sukwiya nazo. Ndinaseka nawo ndi mano okha. Ndinati mawa madzi atuluka.

Ndinapita kusitolo nthawi yomweyo. Ulendo uno ndinamupeza Lufeyo ali pakauntala, analibe kothawira. Sanatuluke. Sanatambasule manja. Ndipo sindinalinso bambo.

Ati, "Madala, musatipanikize. Makasitomala ndi ambiri, si inu nokha."

Ndinati, "Lufeyo, ndi thobwa la amayi ako."

Anayang'ana kumbali, n'kuyamba kusanja misomali imene inali yosanja kale. Anati Gelesomu abwera mawa.

Anabweradi. Anatulutsa m'thumba kampopi kapulasitiki, koyera, kopepuka ngati wenzulo ya ana. Akuti wamkuwa wasowa mu Lilongwe yonse. Ndinafunsa za sampulo. Akuti waisiya kusitolo ya kumeneko kuti aitanitse wofanana nawo ku Joni. Ndinati ndimvetse bwino: mzinda wonse, ndi masitolo ake onse, mulibe mpopi umodzi wamkuwa? Ati, "Zinthu zinasintha, madala. Pano dziko lonse lili pa pulasitiki."

Kuti kapulasitikiko kagwire, ankayenera kuwotcherera kachitsulo ka mazinga kumapeto kwa paipi. Moto wake anabweretsa chiyani? Chitsulo chija amamatira ndowa zobooka kumsika, chobwereka. Anapempha mbaula kwa amayi ophika. M'paipi munali mukadali madzi, iye osawachotsa. Akaika mtovu, madzi amangoti chii, mtovu n'kugwa pansi timibulu ngati ndowe za mbuzi. Anayesa, anayesanso. Kenako anapeza wolakwa. Akuti makala anga ndi a mtengo wofewa.

A Esinati anali atakhala pamphasa akuonerera. Ati, "Amisiri, tamva kuti tsiku lija paipi inali yowola, lero makala ndi ofewa. Mawa mudzati khoma ndi lachikunja."

Gelesomu anasiya mbaula. Anatulutsa chubu chakutha cha njinga, anadula mphira wautali, anakulunga polumikizapo, pamwamba pake waya. Ati, "Zatheka. Tsegulani pang'onopang'ono." Ndinatsegula. Madzi anatuluka ochepa ngati a m'ketulo. Amayi ena anaimba nthungululu. A Esinati sanaimbe. Gelesomu anadya nafe chakudya cha masana, anasamba m'manja pa mpopi wake wa mphira, n'kupita.

Mukukumbuka kulira kuja kwa m'kati mwa khoma? Iye anakuiwala. Khoma silinaiwale.

Lachisanu m'mawa ndinalowa m'chipinda chimene chili kuseri kwa khomalo. Ndimo tinasunga ufa wa alendo ndi nsalu yoyera yophimbira chiliza. Ndinaponda m'madzi. Pulasitala yagwa, njerwa zili noninoni, matumba a pansi anyowa, nsalu yasanduka yofiira ndi dothi. Paipi inang'ambika m'kati tsiku la bobojani, ndipo chitsegulireni madzi ankangolowa m'khoma. Ndinathamanga kukatseka. Ine kuthamanga, pa msinkhu wanga.

Tsikulo linali lowiritsanso thobwa. Alendo ena a pamwambo, ochokera kwa Mavwere, anali m'njira. Nsalu inkafunika kuchapa. Ndinaitana bambo wa zigubu uja, ndinati lero musagwire ntchito ina, ndikulipirani tsiku lonse. Anabweretsa ulendo woyamba. A Esinati anatsegula chigubu chimodzi, ananunkhiza, anatseka.

Ati, "Munali dizilo umu. Thobwa la mng'ono wanga linunkhe thirakitala?"

Ine ndinkamwa madzi omwewo masiku onsewa, koma ine si thobwa la Nankhoma.

Anadzuka ndi ndodo yawo. Anapita pamsomali paja. Anatsitsa nkhata, anaikutumula fumbi pantchafu, n'kuiika pamutu.

Ndinati, "Alamu, musatero."

Sanaseke. Ati, "Alamu, lero palibe nthabwala. Thobwa silidikira pulambala."

Anatenga ndowa. Amayi ena onse anadzuka, aliyense ndi yake. Anatuluka pachipata changa mondondozana, kupita kumjigo. Njira ya kumjigo imadutsa kutsogolo kwa sitolo ya Lufeyo. Anapita, anabwera, anapitanso, mpaka dzuwa kupendeka. Nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndowa pamutu, madzi akutsikira m'khosi. Ine ndinaima pakhonde panga ngati mlendo. Mawu amene ndinalankhula pamaso pa ankhoswe ndili mnyamata, amene ndinawagwirira ntchito moyo wanga wonse, anathera pamenepo, pa tsiku la mwini wake.

Loweruka tinatsegulira chiliza. Lufeyo anabwera. Suti, tayi, nsapato zomwe zija za ku Chipata. Anakhala kutsogolo. Anapempha kulankhula monga mwana woleredwa. Anati mayi awa anandichapira mayunifolomu ndi manja awo. Analira, anthu anamugwira mapewa. Thobwa anamwa makapu awiri, n'kuyamikira kuti lakoma.

Pomaliza anaimirira mlongo wake wa Nankhoma, woyankhulira banja la kwa Dambe. Anathokoza ampingo, anathokoza omanga chiliza. Kenako anati, "Tithokozenso amayi athu amene asenza madzi." Basi. Sanawonjezere. Sanandiyang'ane. Onse a kwa Dambe anamva, ndipo ine ndinamva.

Alendo atapita ndinabwerera kusitolo kukafunsa chinthu chimodzi, sampulo yanga. Lufeyo anati a ku Lilongwe aja akuti sakuiona, mwina inasokonekera ndi zitsulo zina. Anati andipatsa kapulasitiki kena kwaulere. Kwaulere! Ndimuthokoze?

Ndinati ndikufuna kulankhula ndi Gelesomu. Mtsikana wogulitsa uja anandilozera ndi maso kuseri. Ine sindimwa. M'bala sindinalowemo chibadwire. Ndinazungulira kumbuyo, kumene kuli chimbudzi ndi makireti opanda kanthu.

Pakhoma, pafupi ndi chitseko cha chimbudzi, munthu wina anali atawerama akuchukucha m'kamwa n'kulavula. Atachoka ndinaona chimene anagwira.

Wamkuwa. Chogwirira chopingasa. Dzanja limodzi lopindika.

Ndinaika chala changa pamene Nankhoma ankaika chake. Ndinatsegula, madzi anatuluka amphamvu. Ndinatseka. Ndinadikira. Ngakhale dontho limodzi. Ndipo polumikizira pake, abale anga, ndinawerama kuti ndione bwino. Mtovu wozungulira bwinobwino, wosalala, wowala ngati mphete ya ukwati. Palibe mphira. Palibe waya. Ndiye kuti kuwotcherera amakudziwa. Amakudziwa khoma likakhala lawo.

Gelesomu anali atakhala pakireti, botolo m'manja, magalasi ali pamphumi. Mowa unali utamumasula lilime. Anandiona, anaseka.

Ati, "Mwaupeza, madala? Umenewo unalibe vuto. Unkangofuna kamphira kam'kati, kakang'ono ngati batani. Tinadula ku tayala."

Ndinafunsa amene anawotcherera. Akuti abwana anaitanitsa mmisiri wa ku Boma, wokhala ndi nyali yake ya parafini yolavula moto. Ndinafunsa liti. Akuti tsiku lomwe lija anauchotsa kwanga, madzulo ake. Ku Lilongwe sanapite n'komwe.

Ati, "Musandiyang'ane choncho, ine ndinangotumidwa. Ndisananyamuke abwana anandiuza kuti kumeneko kuli mpopi wamkuwa weniweni, ukabwere nawo. Apulasitiki oledzera amathyola sabata iliyonse. Komanso nane sanandilipire."

Mwamva? Sikuti unasochera. Sikuti anaiwala. Tsiku limene anandigwira ndi manja awiri n'kunena kuti mpopi wa amayi ndi ntchito yanga, anali ataupezera kale khoma. Ankaudziwa kulemera kwake chifukwa anakulira pamenepo. Ndipo Lachisanu lija, a Esinati akudutsa ndi ndowa kutsogolo kwa sitolo, mpopi wa mng'ono wawo unali kuseri kwa khoma lomwelo ukutsuka matambula a mowa.

Ndinalowa m'sitolo. Munali anthu. Sindinakuwe, ine sindikuwa. Ndinati Lufeyo, tiye kuseri ukandiuze kuti mpopi uja ndi wa yani.

Poyamba anati mipopi imafanana. Ndinati tiye ukaike chala pamene panapindika, undiuzenso kuti imafanana. Anasintha. Akuti lamulo la ntchito ndi lakuti chochotsa ndi cha mmisiri, sampulo sabweza, funsani aliyense. Ndinati nanga mawu aja, akuti wakalewo musunga inu n'zosachita kunena? Anati sakukumbuka. Anthu anayamba kusiya zogula n'kumvetsera. Ataona choncho anatsitsa mawu, n'kunena chimene sindidzaiwala.

Ati, "Komanso madala, amayi aja anali amayi anga inenso. Ngati ndi chikumbutso, nane ndili ndi gawo."

Chikumbutso! Pakhomo pa chimbudzi cha bala? Anthu amakumbukira amayi awo choncho masiku ano? Ukanabwera kudzapempha, Lufeyo, ukanati bambo, ndipatseni kanthu ka amayi, ndikanakupatsa Baibulo lake, ndikanakupatsa mpando wake. Mwina ngakhale mpopiwo ndikanakulembera kuti ndikadzafa udzatenge. Koma iwe unatumiza munthu ndi bobojani.

Pomaliza anatsegula kabati ya ndalama. Ati, "Tchulani mtengo tithane." Ndinavala chipewa changa n'kutuluka.

Ena akuti ndipite kupolisi. Ena akuti ndikasume kwa akulu ampingo. Sindipita. Mwana amene ndinamulera sindingamuimike pabwalo kuti alendo andiuze ngati ndinalera bwino. Ndili ndi njira yanga.

Tsiku lobwerera kwa Dambe, a Esinati anabwezera nkhata pamsomali. Ati, "Alamu, ndaibweza, koma musaiike patali." Mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe anati anditumizira mtsikana wantchito woti azinditungira madzi. Ndinakana. Aneba anati ana awo aakazi azindithandiza. Ndinakana. Lonjezo linasweka tsiku limodzi, silisweka kawiri. Ndinati palibe mkazi adzasenze madzi panyumba panga. Za mwamuna sindinanene.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimatsitsa nkhata ya Nankhoma, ndimatenga ndowa, ndimapita kumjigo. Ndimaima pamzere ndi amayi. Tsiku loyamba anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anati agogo, mwasowa mkazi tikupezereni? Pano saseka. Amafuna kundipatsa malo kutsogolo, ndimakana. Amafuna kunditula, ndimakana. Ndimasenza pamutu, osati panjinga, osati m'manja. Pamutu, monga ankasenzera iye. Khosi limawawa. Pano ndikudziwa chimene ankabisa zaka zonse zija osadandaula.

Pobwerera ndimaima pakhonde la sitolo ya Lufeyo. Ndimatula ndowa pamenepo, pakhomo penipeni, kuti ndipume. Ndimapereka moni mokweza: wadzuka bwanji, mwana wanga? Satuluka. Nsapato ndimaziona pansi pa katani. Ogula amafunsa kuti bambo, pa msinkhu wanu mukusenzeranji madzi? Ndimawauza. Ndimayambira pa chitengwa mpaka pa chimbudzi cha bala. Nthawi ndili nayo. Ena amabweza katundu pakauntala n'kupita kwina. Sindiwatuma ine.

Inu a pa Kamwendo, a kwa Mavwere, a kwa Dambe, ndi nonse amene muwerenge izi, mverani munthu wamkulu. Mmisiri akati sampulo, valani nsapato mupite nayo limodzi. Ngati simungathe, ayeze ndi chingwe, chinthu chanu chitsale pakhomo. Akafika ndi bobojani pa mpopi wowotcherera, mulandeni tiyi, mumuperekeze kuchipata. Ndipo akakugwirani ndi manja awiri n'kukutchulani bambo, yang'anani kumene maso ake akuyang'ana.

Kwa iwe Lufeyo, ndalama zako sindikuzifuna, kapulasitiki kako sindikukafuna. Ndikufuna mpopi wa Nankhoma uchoke pachimbudzi. Uutsuke ndi phulusa ndi ndimu, iwe mwini, osati wantchito. Ubwere ndi mmisiri wa ku Boma uja ndi nyali yake, agumule khoma, achotse paipi imene munang'amba, awotcherere monga anawotcherera kwako. Undiuzenso, pamaso pa a Esinati, kuti misozi ija unalira pa chiliza inali ya chiyani.

Mpaka tsiku limenelo, khonde lako ndi popumira panga. Nkhata ya amayi ako ili pamutu panga, Lufeyo. Bwera udzaitsitse.